Chipinda cha Achimwene M'sitima

Lachinayi, mwezi wa Juni. Tsiku loipa, mkono ukundiwawabe.

Tinali kumanda ku Mitundu, kututa mchenga womangira chiliza cha amayi. Achimwene a ku Ulaya, eni mbumba athu, ananena kale kuti sabwera ku mwambo wake, ati ntchito yawapanikiza. Masana foni ya Esinati, mng'ono wanga, inalira. Anali iwo, atumiza chithunzi cha sitima yapamadzi ya alendo. Akupita ndi alamu kukaona mapiri a madzi oundana, ndiye akuti tiwasankhire chipinda: cham'mwamba chokhala ndi khonde, kapena chapakati pomwe sitima sigwedera kwambiri.

Esinati anaseka n'kuwayankha kuti, "Cham'mwambacho, achimwene, mukaone bwino!"

Ndinamuwomba mbama pomwepo, pafupi ndi mitumbira. Anandiluma pamkono, ine n'kumugwetsera pamchenga, mpaka amalume anatilekanitsa ndi mpini wa fosholo. Mlomo wa Esinati watupa, koma sindimupepesa.

Kenako ndinatola foniyo n'kuwalembera achimwene ndekha kuti, "Tengani chapansi penipeni, chozizira, chopanda zenera. Amayi agona m'chotero."

Awerenga, ndaona. Mpaka pano sanayankhe.