Chikande Ndinatumiza Chija

Chikamveka, Zomba
15 Meyi 2024

Okondedwa Amayi,

Landirani moni m'dzina la Ambuye. Muli bwanji ku Phalombeko? Bondo lija lasiya kutupa? Kuno matupi ali bwino, koma mtima wangawu ayi.

Achimwene a Hamilton ali bwino, kungoti ngakhale tikukhala nyumba imodzi sitiwaona. Chiwasankhireni kukhala Dini, kapena kuti mkulu wa aphunzitsi onse a sayansi pa yunivesite, moyo wawo ndi misonkhano basi. Nsapato zokwerera phiri zachita nkhungu kuseri kwa chitseko. Alamu amawaseka kuti anakaphunzira mpaka kunja, n'kukhala dokotala wa zomera, kuti adzangokhalira kusainira tchuthi cha anzawo. Iwo amaseka nawo, koma ndimaona kuti zimawapweteka.

Amayi, chomwe ndalembera ndi chikande ndinatumiza chija, cha pa chinkhoswe cha Lily. Ndinati ndagula pamsika. Ndinanama.

Mukudziwa kuti ntchito inawakweza achimwene ndi ya maluwa ang'onoang'ono a m'dambo lina pamwamba pa phiri. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akhala akuwerenga maluwawo, lililonse ndi chikhomo chake cha nambala, kuti adziwe ngati akutha. Malowo sauza munthu. Ine ananditengako kamodzi ndikudikira zotsatira za Fomu 4, kuti ndiziwalembera manambala. Pansi pa maluwa amenewo m'pamene pamakhala chikande.

Kumayambiriro kwa mwezi uno a Mvano tinakwera kukapemphera kuphiri. Potsika, Mayi Aggie anadandaula kuti chikande chasowa masiku ano. Ine, pofuna kuoneka wodziwa, ndinati tiyeni ndikulozereni. Ndinkati titengako pang'ono, poti achimwene sakwerakonso. Tinalipo asanu ndi awiri, Baibulo lili m'chikwama, n'kumakumba ndi zikhomo za achimwene zomwezo. M'mawa mwake ena anabwererako ndi makasu.

Sabata yatha achimwene anapeza mpata n'kukwera ndi ophunzira awo. Anabwerako ndi zikhomo m'jumbo, anazikhuthulira patebulo, n'kuyamba kuziyala motsatira manambala. Sanakalipe. Anangoti zaka zonse zija zathera pamenepo, ndipo wolakwa ndi iwo eni, amene anasiya phiri chifukwa cha mpando. Ine ndinali pomwepo, tiyi ali m'manja.

Chondiopsa n'chakuti akukayikira a Stambuli, bambo a zankhalango amene akhala akuwalondera malowo chiyambire. Akuti odziwa malowo anali awiri okha, iwo ndi a Stambuli, ine anandiiwala. Lolemba likubwerali adzalemba kalata yowachotsa pa kafukufukuyo. Dzulo ndinakumana nawo a Stambuliwo akuchokera ku mzikiti, anandipatsa moni mwaulemu, mpaka kufunsa za bondo lanu. Ndinalephera kuwayang'ana kumaso. Lamulungu lapitali mgonero wa Ambuye sindinadye, ndipo Mayi Aggie anadya, koma sindikuwaweruza, wolozera ndinali ine.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Chikandecho musasinje. Muchikulunge m'masamba a nthochi, amalume abwere nacho Loweruka lino. Ndinamva achimwene akuuza ophunzira kuti chikabwezeredwa m'nthaka chisanaume, china chimaphuka. Kaya tachedwa kale, sindikudziwa. Lily andikhululukire, alendo ake adzadya zina.

Ndikudziwa kuti mukangowerenga izi mufuna kuwaimbira foni kuti mundipepesere, monga munkachitira ndili wamng'ono. Chonde musatero. Ndiwauza ndekha Loweruka lomwelo, chikande chili m'manja, ngakhale anditulutse m'nyumba. Pakamwa panaulula malo paja ndi pomwe paululenso zimenezi.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa azakhali a ku Migowi, kwa Lily ndi ana onse. Mundikumbukire m'mapemphero a m'mawa, koma muyambire a Stambuli.

Ndine mwana wanu,
Norah