Koko Wanga ndi Ukhansala wa Amoateng

Lolemba, 6 Novembala
Amoateng wandithamangitsira munthu wanga. Amoateng ameneyu ndi mwana wa mlongo wanga weniweni, nsapato zake zoyamba ndinagula ndine. Anayamba ndi kagulu ka anyamata ovala malaya achikasu, kumaima pokwerera basi kufunsa alendo zikalata. Pano akuti akufuna ukhansala. Munthu wangayo, Rasmane, wangomva dzina lake likutchulidwa pamsonkhano, kachikwama m'manja, ulendo. Munthu wa ku dziko la Burkina amene wasamala koko wanga chiyambireni maondowa kundikana. Chikalata chokhalira m'dziko muno alibe, zoona. Koko wapsa munda wonse. Wothyola palibe.

Loweruka, 11 Novembala
Amoateng pa wailesi m'mawa, Chingerezi chotulukira m'mphuno. Madzulo wabwera, wadya fufu, nsima yathu ya chinangwa, mbale ziwiri. Akuti, "Malume, lamulo ndi lamulo. Anyamata anga alibe ntchito chifukwa cha a Rasmane anuwo. Ndiwatumiza akuthyolereni." Ndati chabwino a Lamulo, atumizeni. Ine sukulu sindinaipondeko, zilembo ndinaphunzirira pa matumba a koko, koma sindinaonepo lamulo litakwera mumtengo. Nkhope yake aimata paliponse, ndi pa chimbudzi cha kumsika pomwe. Pa chithunzipo amuyeretsa khungu mpaka mayi ake anafunsa kuti ndi mwana wa yani.

Lachitatu, 22 Novembala
Achikasu afika dzuwa lili paliwombo. Ajambulana atanyamula zikwanje. Kuthyola pang'ono, mmodzi zamuluma nyerere, onse kumthunzi. Adya nthochi zanga, apemphanso yokwerera. Mvula yagwa. Zipatso zayamba kuda. Mkazi wanga Afrakoma akuti ndikumulira Rasmane ngati wamasiye. Bodza. Kungoti bawo ndilibe wosewera naye, basi.

Lamlungu, 10 Disembala
Amoateng wandipempha ndikamuthirire nsembe pamsonkhano wake. Ndinakana. Ndapita, magazi ndi magazi. Za chisankho makolo ndawauza mwachidule. Za koko ndawafotokozera bwinobwino, mtengo ndi mtengo, mpaka andilanda chimkuzamawu. Anthu aseka. Iye ayi.

Lachitatu, 20 Disembala
Wapambana. Amuthira paudala thupi lonse monga achitira wopambana kuno, mbee, tsopano wafanana ndi chithunzi chake. Ndinamuvotera, ndikanatani. Akuti tizimutchula Olemekezeka. Olemekezeka omwewo ndinkawachotsa matekenya. Kumunda sindinapite, sindikufuna kuona.

Lachinayi, 28 Disembala
Rasmane ku Burkina sanafikeko. Afrakoma wakumana naye kumsika. Akuthyola koko kwa a Bediako, bambo wachuma amene anagulira Amoateng malaya achikasu ndi njinga yamoto. Kumeneko zikalata safunsa, achikasu amangodutsa akupereka moni. Ndiye mlendo ndi woipa akakhala m'munda wa malume, kwa a Bediako ndi mbale wathu. Akuti Rasmane waonda. Akuti wafunsa za maondo anga, ngati ndikupakabe mankhwala aja. Chakudya chamasana sindinadye.

Kumunda ndapita ndi ndodo. Mitengo ya kumtunda ikadali yabwino, ya kudambo yapita. Yotsalayo siidikira chaka chatsopano kuti chikhazikike.

Amoateng, mawa ndikuuza pamaso pa achikasu ako. Kwera njinga yamotoyo, ukagogode kwa a Bediako wekha. Rasmane umukweze kumbuyo kwako, agwire m'chiuno mwako, mudutse pakati pa msika masana. Ku ofesi ya zikalata ukamuimire ndiwe, poti ofesi ukuzidziwa. Kenako undibweretsere munthu wanga pakhomo pano.