Mzere wa Miyala Pakhomo Panga

Lachiwiri, 4 Juni

Anandiuza ndi malume anga osema mabwato aja, ndisanamere ndevu. Ankati mchenga wa pagombe si wa munthu, ndi wapaulendo. Umatsika ndi mtsinje, kudutsa pakhomo pathu, n'kumapita kumunsi uko. Nkhaniyi ndaikamba zaka zonsezi pa shedi posoka maukonde. Anthu kuseka, ine kuthira mchere.

Chaka chatha madzi atagwetsa mtengo woyanikapo maukonde, ndinati ngati ndi wapaulendo, timuimitse. Ine ndi akamwini anga awiri tinaunjika miyala mzere umodzi, kuchokera pagombe kulowa m'madzi. Miyezi itatu, misana kuthyoka. Unaimadi. Mchenga mbwee pakhomo panga, nkhuku kumasambamo.

Lero kwabwera mayi wa ku khonsolo, injiniya, chingwe choyezera m'manja. Wandipatsa kope lino, akuti m'mawa uliwonse madzi akadzaza ndiziwerenga mapazi kuchokera pakhonde kufika pamene alekezera. Zilembo zanga ndi za kuukalamba, koma akuti manambala okha akwana.

Panga mapazi 41. Kwa mlongo wanga, nyumba yotsatira kumunsi, 9. Kale tinkafanana.

Lachisanu, 7 Juni

Panga 41. Kwa mlongo 8.

Injiniya wabweranso. Wajambula pansi ndi kamtengo. Akuti funde limakwera gombe chopendekera koma limabwerera molunjika, ndiye kamchenga kalikonse kamasendera pang'ono, pang'ono, tsiku lonse. Ndamuuza kuti zimenezo ndinazidziwa mayi ake asanakwatiwe. Waseka, kenako: "Ndiye agogo, mukatseka njira, wa kutsogoloyo alandira chiyani?"



Akuti kwa mlongo madzi akutengabe mchenga ngati kale, kungoti wobwera m'malo mwake wamangika pa miyala yanga. Malume sananene zimenezo. Kapena ananena ine ndikuyang'ana kwina? Ndimayesa mchenga sutha. Ndani anawonapo mchenga ukutha?

Watinso mtsinje masiku ano ukubweretsa wochepa, malole akukumba kumtunda kukamangira nyumba m'tauni. Ndiye wakuba ndi ine kapena malole? Wati tonse. Tonse bwanji, ine wilibala ndilibe?

Lamlungu, 9 Juni

Bondo lamanzere. Mafuta opaka atha.

Pobwera kopemphera mlongo wandidutsa ngati chitsa. Ameneyu ndinkamubereka kumsana ali wamamina. Madzulo watuma mwana wake wamkazi kudzabweza sefa ya mayi a kunyumba, ndi mawu akuti auzeni achimwene mchenga wathuwo adye bwino, asatsamwe nawo.

Nyumba yake ija anamanga ndi malemu mlamu wanga, njerwa kuumba yekha. Khonde tinapaka simenti awiri, tikukangana za mpira. Iye anati lapendekera, ine ndinati ndi maso ake. Linapendekeradi.

Sindinawerenge kwake lero. Manyazi kuponda pabwalo pake n'kumawerenga.

Lachinayi, 13 Juni

Mphepo masiku atatu. Palibe bwato linalowa. Panga 39. Kwa mlongo 4.

Chimbudzi chake chapita. Dzulo chinalipo, lero chitseko chokha chikugudubuzika m'mafunde. Thandala loyanikapo nsomba latsala miyendo iwiri m'malere. Pansi padyeka ngati wina waluma.

Ndafunsa injiniya za khoma la simenti. Akuti funde likamenya khoma limakumba pansi pake, zaka ziwiri khoma chagada, ndipo pa nyumba ziwiri zokha khonsolo singatulutse kanthu. Nzeru yake ndi yoti tonse tisamukire kumtunda, kuseri kwa sukulu kuli malo. Mlongo atamva akuti anafunsa ngati kumtundako nsomba azikagula kwa mbuzi.

Ndiye miyala? Injiniya akuti ndiichotse pang'onopang'ono, mchenga uyambenso kuyenda. Ndafunsa ngati ukaima kwa mlongo. Akuti wina uima, wina upitirira. Nanga panga patsala mapazi angati? "Sindingakulonjezeni, agogo." Sukulu yonse ija, chingwe chonse chija, osalonjeza.

Akamwini akana. Wamkulu akuti msana wake sunabwerere mpaka lero, wamng'ono wangoyang'ana mkazi wake. Mayi a kunyumba akuti ndikachotsa mwala umodzi ndikagone m'bwato, iwo zaka makumi anayi akhala akusesa nyumba ino, sayamba ina.

Pa shedi andipempha nkhani ya mchenga wapaulendo. Ndati pakhosi pakuwawa.

Loweruka, 15 Juni

Ndakhala pa miyala m'mawa wonse kuyang'ana funde. Ndaponya chikhokho cha kokonati kuti ndione. Chakwera chopendekera, chatsika molunjika, chakweranso. N'zoonadi. Chafika pa mzere wanga, chazungulirazungulira, chaima. Mbali inayo madzi akuda, akuya, pansi miyala yokhayokha.

Chimene sindikumvetsa: mchenga umene uli pakhomo pangawu ndi wa mlongo? Sunafikepo kwake. Ndi wanga? Sindinaugule. Ukanadutsanso kwake n'kupita. Ndiye ndamulanda chiyani, chinthu choti sichikanakhala?

Koma khonde lake ndiye likupita.

Lolemba, 17 Juni

Kwa mlongo 2. Panga sindinawerenge.

Ndalowa m'nyumba mwake, koyamba chichokere mwezi wa Epulo. Mng'alu kuchokera pakhonde kukwera khoma la kuchipinda, dzanja kulowa lonse. Ndamupeza akumanga mbale m'nsalu. Ndati achemwali, bwerani mudzakhale kwathu, chipinda cha maukonde ndichotsamo. Wandiikira mpando, mwambo sanataye, koma wayankha akuyang'ana mbale: "Ndidzakhale pa mchenga wanga ngati mlendo?"

Ndatuluka. Ndabwereka chitsulo chotukulira miyala kwa wokonza mainjini. Ndachibisa pansi pa maukonde, mayi a kunyumba asachione. Mawa madzi aphwa dzuwa likangotuluka. Ndiyambira kunsonga, mwala umodziumodzi, ndekha. Nyumba yanga ikapita ipite. Kapena isapite. Sindikudziwa chimene ndikupempha.

Lachiwiri, 18 Juni

Ndalawira ndi chitsulo paphewa. Ndikufika pagombe, anthu ali kale pa miyala yanga. Mlongo, nsalu m'chiuno, ana ake aamuna awiri ochokera kutauni, ndi wilibala. Akunyamula miyala yanga. Osati kukataya kumtunda monga ananenera injiniya, ayi. Akukaiunjika kumunsi kwa nyumba yake, mzere watsopano kulowa m'madzi, ndendende ngati wanga. Kuyala kwakenso ndi kwanga, yaikulu pansi, yaing'ono m'mipata. Ankaonerera chaka chatha.

Wandiona, waona chitsulo. "Mwabwera nacho, achimwene? Yambirani uko, yaikuluyo yatikanika."

Mawu oyamba abwino m'miyezi iwiri. Ndatukula. Ndanyamula. Bondo osalimva n'komwe.

Ulendo wachitatu, mwala uli pamimba, ndakweza maso. Kumunsi kwa mzere watsopanowo kuli kanyumba ka mayi wogulitsa tiyi kwa asodzi, wamasiye, ana anayi. Anaima pakhomo pake ndi ketulo, akutiyang'ana. Wandipatsa moni, wafunsa ngati tifuna tiyi, poti ntchito yake ndi yolemetsa. Sakudziwa. Pagombe lonseli wodziwa ndi ine ndekha ndi injiniya, ndipo injiniya abwera Lachisanu.

Mlongo kumbuyo akuti fulumirani achimwene, madzi abwerera.

Mwala ndinauyika. Pobwerera ndinadutsira pakhomo pa mayi wa tiyi, miyendo ikuwerenga yokha. 14.

Tiyi ndinamwa.