Mpando wa kumanja kwa Kaputeni

Lolemba, 8 Julaye

Alamu anga a Lyson afika lero, akulu ake a Davison wanga. Koma abale, munthu kukagwira ntchito pa sitima ya pamadzi basi n'kubwerako akuyenda motagaza ngati pansi pakugwedezeka? Atsika minibasi pa Chisenga pomwepa, mphepo ya ku Mafinga n'kuwalandira, iwo ati, "Uku si kuzizira, inu simunaone kumene tafika ife." Posakhalitsa anali atabwereka juzi ya D.

Ntchito yawo kumeneko ndi yoperekera zakudya kwa azungu okalamba amene amalipira kuti azingozungulira panyanja, osapita kulikonse. Ati pamakhala tsiku lotchedwa usiku wa Kaputeni. Aliyense amatchena, amuna tayi yakuda, akazi diresi yofika pansi, umakhala pampando umene wauzidwa, ukatha kudya dansi. Ndiye ati Loweruka likubwerali achita zomwezo kuno, m'kalasi ya kupulaimale kumene D. amaphunzitsa, pofuna kuthokoza makolo. Kaputeni adzakhala apongozi anga aamuna.

Ine ndinaseka. Amama, apongozi aakazi, anandiyang'ana kamodzi kokha, ndinasiya.

Lachiwiri, 9 Julaye

Pochokera kuntchito kuchipatala ndapeza sukulu yatsegulidwa pakhonde la amama. A Lyson ayala mipeni, mafoloko ndi zinazo pamphasa, akuphunzitsa mudzi wonse kudya. Anthu oti akhala akudya chibadwire.

Vuto langa ndi zinazo. Dzina la apongozi anga aamuna ndi Supuni. Ndalemba, sindinatchule, kulemba si kutchula. Bambo awo ankaphikira mzungu ku Mbeya, dzinalo analitola m'khitchini. Ndipo m'banja muno mkamwana satchula dzina la apongozi aamuna, sawayang'ana kumaso, sadya nawo pamodzi. Kwathu ku Zomba ulemu tili nawo, koma wotere ayi. Sabata yanga yoyamba pano ndinafuula m'khitchini kuti, "Ndani watenga s. yanga?" Amama anangopukusa mutu n'kuti, "Ŵakumwera aŵa." Kuyambira pamenepo chinthucho ndimachitcha mlongo wake wa foloko.

A Lyson zonsezi aiwala, madzi amchere anawatsuka m'mutu. Anyamula yaikulu n'kundiloza nayo.

"Alamu, inu ophunzira, ichi n'chiyani?"

"Mlongo wake wa foloko."

"Nanga kakang'onoka?"

"Mwana wa mlongo wake wa foloko."

Atsikana anagwa ndi phwete. Amama sanaseke, koma ndinaona chitenje chikugwedezeka pamimba.

Lachitatu, 10 Julaye

Chisenga yonse mulibe tayi yakuda. D. anapita kwa mnyamata wina wogulitsa zovala zochokera ku Tunduma, ati "hakuna, shemeji," m'Chiswahili, yakuda palibe, ali ndi zofiira zokha za maluwa. Ndiye mwamuna wanga, mphunzitsi wa ana a eni ake, wadula chubu chakale cha njinga n'kumanga kagulugufe pakhosi. Ndinati aaa, a Davison, mukununkha ngati pokonzera njinga. Ati koma ndi yakuda. Pofika madzulo amuna ena anali pakhomo ndi machubu awo.

Yanga diresi ndabwereka kwa Mabel wa ku famase, imene anavala pa ukwati wa mchemwali wake. Yofika pansi ndithu, koma mapewa ali pamtunda. Amama ataiona anangoti, "Yayi." A Lyson ati chitenje pa usiku wa Kaputeni n'choletsedwa. Amama ati mapewa n'ngoletsedwa kuposa. Tagwirizana kuti ndivala juzi mkati, diresi pamwamba. Ndadziyang'ana pagalasi, ndikuoneka ngati mtolo wa kaunjika.

Zoseka pambali. Pobwera kuntchito ndakumana ndi apongozi aamuna panjira ya kudimba. Ndinangomva kachifuwa kawo kaja, ine phuthu m'mapesi, nkhope kumbali, mpaka adutse. Chilowereni m'banja muno mu Disembala, chimene ndimadziwa pa munthuyu ndi magambuti ndi chifuwa basi. Atati avule magambuti n'kukhala chete, nditha kuwabaya jakisoni osawazindikira. Ku ukwati wathu ku Zomba sanabwere. Mabel anamva kumsika kuti ankafunira D. mtsikana wa ku Wenya, woti amadziwa mwambo. Ndiye akamandidutsa ali chete chonchi, sindidziwa ngati ndi mwambowo kapena sandifuna. Ndikafunsa D. amangoti, "Adada ndi choncho." Zimandipweteka, ndisaname. Ndikufuna ndidziwe ngati pakhomo pano ndine munthu kapena mlendo amene akudikira kuti atope.

Lachinayi, 11 Julaye

Mayo ine.

Poyamba zinali bwino. A Lyson alengeza kuti pa sitima kudya kumakhala kawiri, gulu loyamba ndi gulu lachiwiri, ndipo ifenso titero chifukwa mbale n'zochepa. Mkangano pomwepo. Palibe akufuna gulu lachiwiri, aliyense akudziwa kuti ofika mochedwa amapeza makosi ndi zipalapasiro. A mkulu wa mpingo ati iwo ali ndi shuga, sangadikire. Shuga ameneyo ine nesi ndikumumva lero.

Ine mumtima ndinati zikomo Ambuye, Kaputeni adye koyamba, ine ndidya makosi mwamtendere. Ndinadzipereka ndekha mokweza, anthu mpaka kundiyamikira.

A Lyson ati ayi. Abanja onse pa tebulo la Kaputeni. Kakhalidwe kake mwamuna, mkazi, mwamuna, mkazi, ndipo palibe kukhala pafupi ndi wako. Kumanja kwa Kaputeni kumakhala mayi wolemekezeka wa tsikulo, yemwenso Kaputeni amatsegula naye dansi. "Ndipo ameneyo ndi alamu anga, chifukwa ukwati wawo ndinauphonya."

Ananena ndi chikondi chenicheni, maso ali ngwee, akudikira kuti ndithokoze.

Amama anaika mphika pansi. "Lyson, mutu uli makora?"

"Amama, pa sitima palibe apongozi."

"Kuno si pa sitima."

"Loweruka padzakhala pa sitima."

Ndiye taonani. Ndikakhala pampandowo, mudzi wonse uona kuti wakumwera uja wadya ndi apongozi ake, phewa kuphewa, kenako n'kuwagwira m'chiuno. Ndikakana, ndachititsa manyazi mwana woyamba pa phwando limene wawolokera nalo nyanja. Ndafunsa D. kuti nditani. Ati, "Tiona." Mwamuna uyu nyumba itayaka adzati tiona. Ndafunsa ngati wina wawauza adada. Aliyense akuti auza mnzake.

Titatha kudya ndinayeserera dansi yogwirana ija ndi D., a Lyson akuwerenga wani-thu-fili pakhomo. Wandiponda zala zonse. Walira mvula walira matope, ndinkafuna wa kumpoto ndine.

Lachisanu, 12 Julaye

Ndapempha kuti mawa ndigwire ntchito tsiku lonse. Akulu a pachipatala akana, ati nawonso aitanidwa, ali m'gulu loyamba, ndipo andibwereka sizasi yodulira chubu.

Loweruka, 13 Julaye

M'mawa. Amama andipeza ndikusita diresi, ati, "Ukafike waka." Ndingofika basi. Kaya kundithandiza, kaya kundisiya ndigwe ndekha.

Lamulungu, 14 Julaye

Ndilembe ndisanaiwale.

Usiku wa Kaputeni unayamba dzuwa likadali pamutu, chifukwa m'kalasimo mulibe magetsi. A Lyson analumikiza madesiki n'kuyala mabedishiti, pabolodi anajambula nangula ndi choko. Anaimba belu la sukulu, gulu loyamba n'kulowa pamzere ngati ana a sitandade wani. Gulu lachiwiri linakana kudikira kutali, linadzaza mawindo onse kuti liwerengere nkhuku. Amuna onse machubu pakhosi. Kalasi yonse fungo la labala ndi pafyumu wa a Lyson.

Ine ndinaima pakhomo, juzi mkati, diresi pamwamba, thukuta ngakhale kunkazizira. A Lyson anandipatsa mkono, ndinayenda maso ali pansi. Ndinaona simenti, mwendo wa desiki, nsapato za a mkulu wa mpingo. Kenako thalauza yoyera yopisidwa m'magambuti. Ndinaima.

A Lyson anakoka mpando. "Alamu, khalani."

Phokoso lonse linatha, ngakhale a m'mawindo. Ndinamva wina akunong'ona, "Wakhalenge?" Akhala kodi? Ndinaganiza zogwada, diresi yothina. Ndinaganiza zothawa, pakhomo padzaza anthu. Ndinafunafuna D. ndi ngodya ya diso, ndinamupeza akuyang'ana kudenga ngati malata awaona koyamba. Misozi inayamba kubwera, ndipo ndinati basi, lero ndiye ndadziwika kuti sindine wa pano.

Kachifuwa kaja. Kenako mpando kukhwekhwereza pa simenti, gwee. Magambuti anatembenuka, zidendene n'kuloza kwa ine. Munthu wamkulu watembenuza mpando wake, wayang'ana kubolodi, tebulo lonse walipatsa msana.

Ndiye mawu, koyamba kuwamva pafupi chonchi, Chichewa chawo cholemera chija: "Bolodi iwe. Umuuze mkamwana wanga akhale pansi, wayimirira chomene. Nayenso atembenuze mpando, aone kuwindo."

"Adada," a Lyson anayamba, "pa sitima sachita..."

"Kaputeni ndi njani?"

"Ndinu, adada."

"Bweretsa madesiki ena awiri."

Anabweretsa. Ndinakhala, msana wanga kumsana wawo, pakati mpata woti mphaka n'kudutsa. Kutsogolo kwanga gulu lachiwiri lonse lili pawindo kundiyang'ana m'kamwa.

Kunabwera supu wa nkhuku. Pa kusamuka kuja mlongo wake wa foloko anatsala pa tebulo lalikulu, ndipo kuitanitsa sindikanatha, mwini dzina ali kumbuyo kwangaku. Ndinadikira. Supu akuzizira. Ndinati zivute zitani, ndinanyamula mbale n'kumwa, fyuu. A Lyson anagwira pamtima. Kumbuyo kwanga ndinamva chitsulo chikuikidwa padesiki, kenako fyuu wamkulu kuposa wanga. Kaputeni akamwa ndi mbale, ndani angatsale? Kalasi yonse fyuu, fyuu. Kagulugufe ka a mkulu wa mpingo kanaduka n'kugwera m'mbale, anakavuula n'kupitiriza.

Gulu lachiwiri linadya makosi ake likudandaula, madesiki anakankhidwira kukhoma, a Lyson n'kuyatsa sipika yawo. Nyimbo ya azungu yoyenda pang'onopang'ono. Analengeza dansi ya Kaputeni ndi mawu otsika, iwonso tsopano akuchita mantha. Ine ndinati apa ndiye mpando sutithandiza.

Amama anadzuka. Anatenga lichero limene linabwera ndi mabanzi, anakutumula nyenyeswa, n'kubwera pakati. Anaimika amuna awo kuyang'ana kubolodi. Anandigwira mapewa, manja awo ofunda, n'kundiimika kuyang'ana kuwindo. Lichero analilowetsa pakati pa misana yathu n'kutikankha mpaka linagwira.

"Likagwa, mwambo wagwa," anatero. Kenako pafupi ndi khutu langa, "Vina, mwana wane."

Tinayamba. Iwo akapita kumanzere kwawo, ine kumanja kwanga, lichero lili tswatswa pa diresi ya Mabel. A Lyson akuwerenga wani-thu-fili, anthu akuimba nthungululu pa nyimbo yosayenera nthungululu. D. anali atatsitsa maso kudenga kuja, akuwomba m'manja mosemphana ndi nyimbo. Kuvina chobwerera m'mbuyo n'kovuta, ndipo magambuti ndi aakulu. Ndinawaponda chidendene. Ndinawapondanso.

"Bolodi," anatero a Kaputeni, mokweza kuti onse amve, "umuuze mwana wanga kuti chidendene ichi n'changa, ndikadachifuna."

Anthu kuseka. Ine kaya chinandilowa n'chiyani, mwina supu uja. Ndinayang'ana windo, pomwe panali nkhope ya Mabel ili kukamwa yasa, n'kunena:

"Windo, uwauze a Kaputeni kuti akuyendetsa sitima ndi iwo. Ine ndikungotsatira, ikagunda mwala si ine."

Zii. Ngakhale a Lyson anasiya kuwerenga. Ndinadziuza mumtima kuti Annette iwe, pakamwa pako pakupha, longedza uzipita ku Zomba.

Lichero linayamba kunjenjemera. Ndinayesa likugwa, ndinakankha msana kuti ndiligwire. Ayi, sikugwa. Munthu akuseka. Kuseka kopanda mawu, kochokera m'mimba, kukudutsa m'lichero mpaka m'nthiti zanga. Kenako kunatuluka, hee hee hee, n'kusanduka chifuwa, n'kubwereranso kuseka. Ine misozi ili chuchuchu, osatha kupukuta poopa kugwetsa mwambo.

"Bolodi," anatero atapeza mpweya, "umuuze sitimayo ayendetse yekha. Ine ndavuka, ndatopa."

Ndinaponya phazi lamanzere kutsogolo, kulunjika kuwindo. Kumbuyo kwanga magambuti anati khwe, khwe, kunditsatira.