Biti Yanga, Dzina la Jeffrey

Lolemba, 8 Julayi

Tsiku langa lopuma lathera kuboma. Mashopu atatu, onse khalidwe limodzi. Ukangoti ndikufuna laputopu yopangira nyimbo, amayang'ana kumbuyo kwako kusaka mwamuna amene wakutuma. Wa pafupi ndi depoti mpaka anati, "Auzeni achimwenewo abwere okha, mungawagulire yolakwika." Ndinangotuluka. Zaka ziwiri ndikupanga mabiti pafoni m'kachipinda kochapira ka kuloji ya ku Makokola kumene ndimagwira ntchito, makina akulira m'khutu, lero ndiuzidwe kuti ndikaitane achimwene.

Ndinathera kwa a Eduardo, okonza mafoni ndi makompyuta kuseri kwa msika. Iwowa sanafunse za mwamuna. Anangofunsa pulogalamu imene ndikufuna kuikamo, ndinati FL. Anatulutsa ziwiri, zonse zogwiritsidwapo kale.

Yasiliva. Yokongola, yopepuka, batire yabwino. Koma ramu 4 basi, ndipo diski yake ndi yakale ija yozungulira. Ndikatenga imeneyi, ndalama zotsala zikwanira maiki ndi kasaundikhadi kolumikizira maikiyo.

Yakuda ndi yonyansa. Ngodya inathyoka, batani la N linachoka. Ramu 16, diski yake ndi yamakono yothamanga ija, SSD. Imeneyi idya zonse zimene ndasunga, kuonjezapo foni yangayi. Za maiki iwalani.

A Eduardo akuti mphamvu ya makina ili mu ramu ndi SSD, zinazo ndi mafuta odzola. Chabwino, koma popanda maiki mnzanga Uladi ayimbira pati? Pangano lathu ndi limenelo: ine mabiti, iye mawu, tizijambulira kunyumba, tileke kusirira masitudiyo a ku Blantyre. Ndamuimbira kanayi kuti tisankhire limodzi. Sakuyankha. Sabata yachitatu ino ali ku Blantyre komweko, akuti amalume ake akudwala.

Lachiwiri, 9 Julayi

Mwera tsiku lonse, mashiti kuuluka pachingwe. Amayi anapeza kapepala kamene ndinalembapo za ramu. "Anzako akugula makina osokera."

Mtima watsamira ku yasiliva, chifukwa cha maiki.

Lachitatu, 10 Julayi

Za lero ndilemba zonse.

Masana ndinalowa kukhitchini kukatolera nsalu zopukutira. Kawailesi ka Jestina, wophika wathu, kanali pawindo. Ndinamva kugunda katatu, kupuma, kenako kawiri. Kugunda kumene kuja si ng'oma. Ndi nkhafi ikumenya m'mbali mwa bwato la amalume Ibrahimu ku Nkope. Ndinajambula ndekha mu Malichi, amalume akundiseka kuti mwana wa achemwali awo wapenga. Ndinakudula, kukukuza, kulimbana nako masiku anayi mpaka kunamveka ngati mtima wa munthu wothamanga.

Kenako mawu a Uladi. Nyimbo yathu ija, "Ndadutsa Pano". Koma asanayambe kuyimba, kunabwera mawu a mwamuna wina, onenepa, odzikhulupirira: "Jeffrey pa biti!"

Jestina akuvina mpeni uli m'manja. "Nasra, si mnzako uja uyu? Eee, watchuka!" Ndinaima pomwepo ndi nsalu zonunkha anyezi mpaka nyimbo inatha. Woulutsa anatchula Uladi, mnyamata wa ku Mangochi. Anatchula Jeffrey, katswiri wa ku Blantyre. Kenako malonda a feteleza.

Ndinamutumizira bitiyo pa WhatsApp kuti aziyeserera mawu. Kuyeserera mawu basi.

Kani amalume odwala aja dzina lawo ndi Jeffrey.

Lachinayi, 11 Julayi

Ndaimva kawiri lero. Kachiwiriko m'minibasi, kondakitala akuyimba nawo molakwitsa.

Lachisanu, 12 Julayi

Uladi wabwera. Ndinamupeza pakhonde la shopu ya bambo ake atangotuluka kumzikiti, nsapato zoyera zatsopano, anzake asanu atamuzungulira ngati wabwera kuchokera ku Joni. Atandiona anaimirira mwachangu.

"Nasra, ndimati ndikuuze, wallahi."

Ndinamufunsa kuti amalume ali bwanji. Anayang'ana nsapato.

Akuti Jeffrey anaiyeretsa bitiyo. Anayeretsa chiyani? Anangoonjezera dzina lake ndi kuomba m'manja kwina kumene kukulowa mochedwa. Ndinamuuza choncho. Iye anati, "A wailesi salandira nyimbo ya pafoni. Amafunsa kuti situdiyo yake ndi iti. Ndikanati chiyani, kochapira ku Makokola?" Anzake aja anaseka. Mmodzi mpaka kugwira pamimba.

Kenako anandikokera pambali, mawu atatsika. "Komanso ndakuteteza, sukuona? Dzina lako likanamveka pawailesi, mayi ako akanayenda bwanji m'mudzi muno? Azimayi anzawo akanawanena mpaka liti?"

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi mmene ndinachokera. Ndinachoka ngati ndine wolakwa. Mayankho onse abwino andibwerera panjira, pafupi ndi chigayo, iye atatsala kutali.

Wanditeteza. Zikomo kwambiri, Che Uladi. Mulungu akuonjezereni nsapato.

Loweruka, 13 Julayi

Abwana anandituma kuboma kukagula sopo ndi sitachi. Ndinaba ola limodzi kwa a Eduardo.

Anali ataikamo kale pulogalamu m'zonse ziwiri. Anati, "Musamvere ine, mverani makina." Ndinayamba ndi yasiliva. Ng'oma, besi, kiyibodi, chilichonse pamzere wake, zinthu zikuyenda. Nditafika pamzere wachisanu ndi chinayi inayamba kuchita chibwibwi, kafani kakulira ngati njinga yamoto yokwera phiri. Yakuda ndinaiunjikira mizere makumi awiri, iyo ili phee. Mbewa ya kompyuta ndi yachilendo m'dzanja langa, ndazolowera kukanda pagalasi ndi chala, koma kuona nyimbo yonse ili chigonere pamaso panga, osaisuzumira pakawindo ka foni, ndinatsala pang'ono kulira.

Anandiyesetsanso mahedifoni awiri. Ofiira, besi yake yogwedeza mano, ndinawakonda pomwepo. Iwo anapukusa mutu. "Amenewo ndi abodza, amakusangalatsani. Mudzapanga nyimbo yokoma m'khutu mwanu mokha, ikafika m'minibasi yauma." Enawo ndi otuwa, siponji inang'ambika, amamveka ozizira. Akuti amenewo ndiwo amanena zoona. Za masipika anati ndisataye nthawi, nyumba ya malata imanamiza aliyense.

Kenako anapempha kuti amveko zimene ndimapanga. Sindikudziwa chinandigwira, ndinatsegula "Ndadutsa Pano" pafoni, mizere yake yonse ili payokhapayokha. Anamvetsera pang'ono, anavula mahedifoni.

"Iyi ndi ya pawailesi ija."

Ndinawavekanso mahedifoni, ndinazimitsa mizere yonse n'kusiya nkhafi yokha. Pansi pake, ukatchera khutu, amamveka amalume akutsokomola. A Eduardo anati, "Bambo anga Avelino atawoloka malire kuthawa nkhondo, anamanga nyumba zambiri kuno. Palibe ndi imodzi yomwe imene anthu amati anamanga ndi Avelino." Anangonena zimenezo n'kubwerera ku foni imene ankakonza.

Munthu woyamba kukhulupirira ndi wokonza mafoni amene ndamudziwa Lolemba lomweli.

Sopo ndinagula wolakwika. Abwana akalipa.

Lamulungu, 14 Julayi

Amayi, amene amati nyimbo za masiku ano ndi mluzu wa Shetani, m'mawa uno amang'ung'udza "Ndadutsa Pano" akusankha mpunga. Anati Uladi, mwana wa Che Latif uja, ali ndi mphatso, asaiwale kupemphera swala basi. Ndinalephera kupirira.

"Amayi, kumbuyo kukulirako ndinapanga ndine."

Anandiyang'ana, anaseka mpaka mpunga kutayika. "Iwe? Ndi chiyani, ayironi?"

Ndiye Uladi ananama. Sakanachita manyazi ndi dzina langa. Sakanakhulupirira n'komwe.

Madzulo foni. Uladi yemweyo, mawu ofewa ngati nthochi yakupsa. Che Nasra mwaswera bwanji, Che Nasra amayi ali bwanji. Ndinadikira kuti afike pankhani. Akuti pali kampani ina ikufuna nyimboyo pamalonda ake, koma ikufuna ng'oma zokha poyambira, kenako besi, mawu pamapeto. Jeffrey alibe mizere yosiyanasiyana. Ali ndi kafayilo kamodzi kaja ka pa WhatsApp, zonse zitaphatikana. Wayesera kupanganso yekha masiku atatu, kugunda kuja kukumukana. Wamenya tebulo, wamenya chitseko, wamenya ndowa.

Ndinaseka koyamba sabata ino. Kuseka koipa, sindinakukonde.

"Ungotumiza, Nasra. Ulendo uno tikukumbukira."

Ndinati mawa ndili kuboma kwa a Eduardo, n'kudula.

Lolemba, 15 Julayi

Ndatenga yakuda ndi mahedifoni otuwa aja. Maiki ya chiyani, woyimba ndilibe.

A Eduardo anasamutsa zonse za m'foni kupita mu laputopu, mabiti makumi atatu ndi anayi, mawu a mvula, a chigayo, a nkhafi. Tinatsegula imodziimodzi kuonetsetsa kuti palibe chatsala. Kenako anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Ndinati fufutani. Foni imene ndagona nayo pansi pa pilo zaka zitatu inazima, n'kuyakanso ikundipatsa moni ngati mlendo. Anaiika m'kabati yagalasi pamodzi ndi zinzake zogulitsa. Khadi langa la simu anandikulungira m'kapepala.

Uladi anafika pakabaza tili pomwepo, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kukuzizira. Anaona laputopu, anamwetulira. "Eee, tagula!" Anayang'anayang'ana patebulo. "Nanga maiki?"

Ine ndinayamba kukulunga chingwe cha mahedifoni.

Anati nthawi yatha, a kampani akufuna zinthuzo Lachitatu. Anaimba foni yake, analankhula pang'ono chakumbali, kenako anandipatsa. "Ndi Jeffrey. Lankhula naye wekha, ndi munthu wabwino."

Mawu onenepa aja, koma lero aulemu. Achemwali, mwadzuka bwanji. Achemwali, muli ndi khutu labwino, ndinadziwa tsiku loyamba lomwe kuti biti imeneyi ndi ya munthu wodziwa. Achemwali, tigwire ntchito limodzi, Blantyre ikufuna anthu ngati inu. Analankhula nthawi yaitali. Ine ndimangoyang'ana bowo la batani la N.

Atamaliza ndinafunsa, "Mukulankhula ndi ndani?"

"Ndi achemwali athu a ku Mangochi, opanga biti."

"Dzina."

Ndinamva akupuma, ndinamva wina akuseka chapatali mu situdiyomo. Anati Uladi anawauza koma zinthu ndi zambiri m'mutu. Ndinayang'ana Uladi. Sanawauze. Nkhope yake inanena yokha.

"Mukalidziwa, mukalinene kuwailesi konkuja. Ndikalimva ndekha, tidzakambirana za mizere."

Ndinabweza foni ija isanadulidwe, Jeffrey akadali kuitana achemwali, achemwali. Uladi anayamba zoti ndikumuonongera mwayi, zoti mwayi wotere subwera kawiri, zoti tinakulira limodzi. Zonsezo n'zoona. Mwina Jeffrey apeza njira ina, kampaniyo itenge nyimbo ya wina, ine nditsale ndi makina onyansa opanda foni, opanda woyimba. Ndikudziwa.

A Eduardo anandipatsa chikwama chakale cha laputopu, zipi yake yomangira waya, anati ndi basela. Uladi anatambasula dzanja kuti andinyamulire mpaka kudepoti. Ndinadutsa.

Wakabaza anafunsa ngati chikwamacho achimange kumbuyo ndi mphira. Ndinati ayi, palasani, ndichigwira ndekha.