Samu ya Kuseri kwa Chitseko

Asisi a Mainess,

Landirani moni kuchokera kwa mbuli ya pabanja panu kuno ku Lusaka. Muli bwanji ku Tamandako? Mwendo wa amama unaphwa? Ine ndili bwino, kunenepa kokha ndiye kukundikanabe.

Ntchito ndinaipeza pa koleji ina. Musathamangire nthungululu, sindine lekichala. Ndimapukuta magalasi. Ndi zimagalasi zazikulu zophimba kumaso, ukavala umapezeka uli m'kati mwa gemu, ndipo ana a koleji amaphunzira masamu momwemo. Mutawaona mungaseke, anthu a ndevu zawo akuphaphatiza manja ngati awagwera njuchi.

Lachitatu pa lanchi ndinaba mpata n'kuvalako. Aphunzitsi ake, a Buruhani, anandipezerera, koma m'malo mokalipa anati ndimalize. Mukudziwa zomwe ndinapezamo? Khoma ndi makwerero. Makwerero mamita asanu, phazi lake mamita atatu kuchokera pakhoma, unene pomwe afike m'mwamba. Ukalakwa umagwa. Ndinagwa kanayi mpaka kukumbatira tebulo. Kenako timabokosi tinayamba kumera m'mbali zonse zitatu, pakhoma, pansi ndi pamakwerero, ndinatiwerenga ndi chala, basi m'mutu munangoti ngwee.

Asisi, ndi samu yomwe ija. Imene atate anandilembera ndi choko kuseri kwa chitseko cha khitchini tsiku lomwe ndinawauza kuti Giredi 9 yandikwana. Anati sidzafufutidwa mpaka ndidzaimalize. Ine ndinawayankha kuti akwere okha akayeze. Pamaliro awo paja munandiuza kuti choko chikazilala amabwerezanso, zaka zonse zisanu ndi chimodzi. Ndinaseka, mukukumbuka. Lachitatu sindinaseke. Magalasi aja ndinawapukuta kawiri. A Buruhani anafunsa ngati ndi chizungulire, ndinavomera.

Tsono ndamva kuti alamu a Petulo akufuna kupenta nyumba yonse tisanavundukule chiliza mwezi wa mawa. Apente ndi nkhuku zomwe ngati penti wawachulukira, koma chitseko chija asachikhudze. Nanunso, ndi uphunzitsi wanuwo, musandilemberepo yankho. Mungondiyang'anira kachoko m'thumba la jekete ya atate, sikankasowamo.

Mupereke moni kwa amama, azakhali ku Madzimoyo, alamu ndi penti wawo, ndi ana onse.

Ndi mamita anayi, asisi. Anayi basi. Ndibwera kudzalemba ndekha.

Ndine mlongo wanu wovuta uja,
Boyd