Kompyuta ya Adadi Ikuchita Chibwibwi

Gulu: Adadi, Curtis, Nadine

LOLEMBA

Curtis 12:14
ayi nadine ndakana. kuwagulira adadi purosesa ya kompyuta lero nkutaya ndalama. yatsopano ikutuluka novembala

Nadine 12:15
novembala ndi kutali achimwene

Curtis 12:16
miyezi iwiri yokha. gemu yawo ya mathiraki ija imadya purosesa kwambiri. yatsopanoyo ndye mankhwala ake

Curtis 12:16
ndipo imayendera memori ya ddr5 basi. tikagula ya lero ndi ddr4, chaka chamawa tiyambanso kusintha bodi yonse

Nadine 12:18
ya ddr4 ili pa shelefu pompano kuno ku regina. loweruka ndikhoza kupita nayo kwa adadi ku yorkton

Curtis 12:18
iwe ndi nesi. ine ndimakuuza za jakisoni? kkkk

Adadi 12:41
[voisi 0:24] Ana inu, za madidiara zanuzo ine sindikuzimva. Ndikungofuna thiraki yanga isamachite chibwibwi ikalowa m'tauni. Dzulo sikirini inaima, pobwerera ndapezeka ndagunda basi. Zaka 38 pa msewu weniweni sindinagundepo ngakhale gwape.

Curtis 12:43
kkkkk anthu a mu basimo ali bwnj?

Adadi 12:50
[voisi 0:06] Usaseke iwe. Andilipitsa faindi.

Curtis 12:52
pirirani madala. novembala muzidzayenda ngati pa batala

LACHIWIRI

Curtis 09:05
[chithunzi]

Curtis 09:06
adadi onani. mzere wabuluu ndi purosesa ya pano, wofiira ndi momwe akuyerekezera yatsopanoyo. mwaona kusiyana kwake?

Curtis 10:30
adadi?

Curtis 11:47
mwawerenga koma zii. mwagundanso basi ina?

Nadine 12:02
adadi muwauze nokha. apo ayi ndiwauza ine

Curtis 12:03
andiuze chani

Curtis 12:03
nadine

Curtis 12:09
ndikukuimbira sukuyankha

Nadine 12:10
ndili mu wodi. si nkhani yanga yoti ndinene

Adadi 13:36
[voisi 1:18] Curtis, mwana wanga. Amayi ako aima pano ndi chikhatho m'chiuno, ndiye ndilibe kothawira. Chithunzi chakocho sindikuchiona. Mizere ndikuona ilipo, koma manambala ayi. Paja ndinati ndasiya ntchito chifukwa cha msana. Si msana. Ndi maso. Lakumanzere pakati pake pada kale, ndimangoona m'mbali. Lakumanja layamba nalo. Laisensi ndinakabweza ndekha mu Epulo, asanachite kundilanda. Mwezi ndi mwezi Nadine amandiperekeza kukabaya jakisoni m'diso. Adokotala akuti mwina lakumanjali likhala zaka, mwina silifika Khirisimasi, sakudziwa. Ndiye Novembala wakoyo, kaya. Basi ndi zimenezo.

Nadine 13:40
achimwene

Nadine 14:15
curtis yankhani plz

Nadine 17:22
anandiletsa kunena. ankati inu mwangoyamba ntchito yatsopano ku saskatoon, musamayende mtunda wonsewo sabata iliyonse

LACHITATU

Adadi 08:11
[voisi 0:09] Kwiya, uli ndi ufulu. Koma udye kaye, usapite ku ntchito ndi njala.

Nadine 12:30
ndikagula ya ddr4 ija mawa ndikaweruka. wina akafuna kutsutsa atsutse pano

LACHINAYI

Curtis 07:48
usagule

Nadine 07:49
ndye mukufuna adikirebe?? mwamva zomwe anena koma?

Curtis 07:51
[chithunzi]

Nadine 07:52
ndi chani chimenechi. mwaphwasula kompyuta yanu?

Curtis 07:54
eya. purosesa, bodi, memori ma gig 32, ndazula zonse. ndi ddr4 yomweyo koma yanga ikuposa ya mu shopu yakoyo. yomwe unasankha ija ndi yofooka, usadandaule

Curtis 07:55
ndatenganso sikirini yanga yaikulu ija. zilembo za mu gemu zimatheka kukulitsa, ndayesa dzulo

Nadine 07:56
ndikulira mu kantini anthu akundiyang'ana. chitsiru inu

Adadi 08:20
[voisi 0:19] Nadine wandiimbira. Ayi Curtis, bwezeretsa. Unasunga chaka chathunthu kuti umange makina amenewo. Nanga Lachisanu uzisewera chiyani ndi anzako owomberana aja?

Curtis 08:24
ndidikira ya novembala. amene amaifuna ndine kale, inu mumangofuna kusiya kugunda mabasi

Curtis 08:31
koma adadi mwandipweteka. miyezi isanu. ndinakutumizirani lamba wa msana. ndinakutumizirani mavidiyo a majowajowa a msana

Adadi 08:44
[voisi 0:31] Lambayo ndimavala, amatenthetsa bwino. Pepa mwana wanga. Ndinalakwa. Ndinkaopa kuti ukadziwa usiya kundiseka. Nadine chidziwireni amandilankhula ngati dzira. Iwe wekha ndi amene unatsala wonditcha dalaivala wa pa sofa.

Nadine 08:46
ine ngati dzira?? chabwino muona

Curtis 08:47
dalaivala wa pa sofa wabodza

Adadi 08:49
[voisi 0:04] Eya. Choncho.

Curtis 08:53
ndinyamuka loweruka mmawa. musakhudze kompyuta yakaleyo, muli masevu a gemu yanu onse. muwauze amayi aphike ma perogi, masamusa awo owiritsa aja, a mbatata ndi tchizi, osati a kabichi

Nadine 08:54
ine andisinthira shifiti, ndili pa ntchito weekend yonse. munditumizire zithunzi

LOWERUKA

Curtis 10:12
ndaima pa wynyard kumwa khofi. makombaini okololera tirigu ali mbwee mu msewu, tikuyenda ngati maliro

Adadi 10:15
[voisi 0:11] Usawapitirire pokwera. Anthu akukolola, ulemu. Ndipo foni pansi ukamayendetsa.

Curtis 10:16
ndaima adadi. ndanena kt ndaima

Nadine 14:05
mwafika? zikuyenda?

Curtis 14:38
mu kompyuta yawo munali fumbi lokwana kudzala tirigu. ndapezamo ndi chotokosera mmano

Nadine 14:39
kkkkk yayaka koma?

Curtis 14:40
sikuyaka. fani ikuzungulira koma sikirini bii

Nadine 14:41
mayo ine

Nadine 15:02
achimwene??

Curtis 15:10
yayaka. memori imodzi sinalowe bwino. ndinawapatsa adadi kt aikanikize okha, akuti zala zawo zikuona kuposa maso anga. inalira kt thwa

Curtis 15:11
akunyada ngati apanga okha purosesayo

LAMULUNGU

Nadine 11:20
ndili pa break. lipoti plz

Curtis 11:26
[vidiyo 0:15]

Nadine 11:28
taonani nkhope yawo! ndipo sikudodoma olo pang'ono

Curtis 11:29
alowa mtauni mvula ikugwa, magalimoto ali tho, mafuremu osatsika, chibwibwi chatheratu. akuti "kodi mumagalasi a thiraki mumaoneka chonchi?"

Curtis 11:31
msewu akuuona bwino. zikwangwani ndye ayi, ngakhale nditakulitsa mpaka pothera. sananene koma ndaona akuphonya potulukira kawiri

Nadine 11:33
ndye mupanga bwnj

Curtis 11:34
ndakoka mpando wa ku khitchini. ndikuwawerengera ine

Adadi 11:52
[voisi 0:22] Nadine, mchimwene wakoyu ndi kondakitala wachabechabe. Akuti kumanja, kumanja, pomwe akutanthauza kumanzere. Tanyamula mapaipi, tasochera nawo mpaka ku famu ya munthu. Iwe Curtis, chotsa mbale ya perogi pa giya.

Nadine 11:54
kkkkk musamuchotse ntchito, ndi wamasiye wa kompyuta

Nadine 15:45
achimwene nyamukani kusanade, agwape amachuluka mu msewu umenewo. mawa ntchito

Nadine 16:20
mwanyamuka?

Curtis 16:41
ndawauza abwana kt ndifika lachiwiri. mapaipi aja sitinatsitse, kwatsala makilomita 900